The Millennium: gulu lomwe linabadwira mu situdiyo n'kuferamo

[Pa sikirini: chikuto cha chimbale cha Begin. Nyimbo yoyamba ikumveka chapansipansi.]

Tatcherani khutu kaye. Chomwe chikulira ngati wina akukodola timawaya ting'onoting'onocho ndi harpsichord, agogo ake a piyano. Dikirani pang'ono. Mwazimva ng'omazo? Zalowa molemera, ngati anthu awiri akusinja pa mtondo umodzi. Ndiimitse pomwepa, chifukwa ndikapitiriza eni nyimbo anditsekera vidiyoyi.

Mwamvazo ndi chiyambi cha chimbale chotchedwa Begin, cha gulu la The Millennium, chomwe kampani ya Columbia Records inatulutsa mu July 1968. Dzina la chimbalecho likutanthauza kuyamba. Choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, n'chakuti pamene anayambirapo ndi pomwe anatherapo. Chimbale chachiwiri sichinabwere.

[Chithunzi: mzinda wa Los Angeles m'zaka za m'ma 1960.]

Mtundu wa nyimbozi masiku ano umatchedwa sunshine pop. Oyimba ake sankaudziwa ndi dzina limenelo ayi. Analipereka ndi anthu osonkhanitsa zimbale zakale patadutsa zaka zambiri. Zinali nyimbo za ku California, cha pakati pa 1965 ndi 1969, zofewa, zowala, zodzaza ndi mawu a anthu angapo oyimba mogwirizana. Amene munayimbapo kwaya mukudziwa kukoma kwake pamene soprano, alto, tenala ndi besi akumana pa liwu limodzi, thupi lonse n'kuchita tsembwe. Tengani kukoma kumeneko, muwonjezerepo magitala ndi ng'oma, mwapeza sunshine pop. The Mamas & the Papas, The Association, The 5th Dimension, amenewo ndiwo anadyerera. The Millennium sanadyerere.

Mwini filimu pa nkhaniyi ndi Curt Boettcher. Anabadwa mu 1944 ku Eau Claire, m'chigawo cha Wisconsin, kumalo kozizira koopsa, kutali zedi ndi dzuwa la ku California. Bambo ake anali msilikali wa pamadzi, choncho banja linkangosamukasamuka, ndipo ali mnyamata anakhalako ku Japan. Mawu akuti Japan amenewa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku. Anayamba ndi kagulu koyimba nyimbo za folk kotchedwa The GoldeBriars, komwe kanatulutsa zimbale ziwiri ku Epic n'kutha. Koma luso lake lenileni linali losanja mawu a anthu. Mu 1966, ali ndi zaka 22 zokha, anali pulodyusa wa chimbale choyamba cha The Association. M'menemo munatuluka Along Comes Mary, yomwe inalowa m'gulu la nyimbo khumi zapamwamba ku America, ndi Cherish, yomwe inafika pa nambala 1. Mwana wa zaka 22 ameneyo.

Mungaganize kuti apa ndiye walemera. Ayi ndithu. Chimbale chachiwiri The Association anakajambula ndi pulodyusa wina. Boettcher anabwerera kukagwira ntchito pansi pa kampani ina yaing'ono, n'kuyambitsa gulu lake lotchedwa The Ballroom. Anajambula nyimbo zokwana chimbale chathunthu, koma chomwe chinafika m'sitolo ndi singo imodzi yokha, kambale kakang'ono ka nyimbo ziwiri, mu 1967. Zotsalazo zinangokhala pa shelefu.

[Chithunzi: Gary Usher ali mu situdiyo.]

Apa ndiye pakulowa Gary Usher. Uyu anali mnzake wa Brian Wilson wa The Beach Boys, analemba naye limodzi nyimbo, ndipo pa nthawiyi anali pulodyusa wa Columbia, akugwira ntchito ndi The Byrds. Usher ankafotokoza kuti tsiku lina ali ndi Wilson anamva phokoso lachilendo likuchokera m'chipinda china cha situdiyo. Anali Boettcher akujambula nyimbo ya mnyamata wina dzina lake Lee Mallory. Malinga ndi Usher, ngakhale Wilson, yemwe aliyense ankamuona ngati katswiri wosapikisika, anadzidzimuka nazo. Nkhani za mtundu uwu zimanenepa zikamakambidwa kawirikawiri, koma zomwe zinatsatira n'zooneka: Usher anamukokera Boettcher ku Columbia, anatenga zina mwa nyimbo za The Ballroom zija n'kuziika pa chimbale cha Sagittarius, gulu lomwe kwenikweni linali dzina chabe la ntchito zake za mu situdiyo, kenako anamutsegulira khomo loti apange gulu lakelake.

Boettcher anasonkhanitsa anthu 7, iye yemwe pamodzi. Lee Mallory uja. Sandy Salisbury, wa mawu osalala, wokulira ku Hawaii, yemwe anali naye mu The Ballroom. Joey Stec. Michael Fennelly, kamnyamata kosakwana zaka 20. Ndiye awiri otsalawo ndi amene amandisangalatsa: Doug Rhodes ndi Ron Edgar, ochokera mu The Music Machine. Gulu limenelo linali lamtopola. Ankavala zakuda zokhazokha, aliyense gulovu imodzi yakuda kudzanja, ndipo nyimbo yawo Talk Talk ya mu 1966 ndi yaukali ngati galu womangirira. Wa gitala ya besi wa gulu lomwelo, Keith Olsen, ndiye anathandizana ndi Boettcher ngati pulodyusa. Ndiye mukamva ng'oma zolemera pansi pa mawu ofewa aja, dziwani kuti zikuchokera kumeneko. Kwa ine, ichi ndicho chimasiyanitsa Begin ndi zimbale zina za mtundu wake. Zambiri za sunshine pop zili ngati tiyi wothira shuga masipuni asanu: mukamwa pang'ono n'kuyamba kusukidwa. Ichi chili ndi fupa mkati.

Onse 7 ankalemba nyimbo. Taganizani pamenepo. Magulu ambiri amakhala ndi wolemba m'modzi kapena awiri, enawo n'kumangotsatira.

[Chojambula: makina awiri a tepi ali pafupi, mizere 8 pa tepi iliyonse.]

Tsopano tifike pomwe ndalama zinathera. Masiku ano mnyamata ali ndi laputopu kuchipinda kwake amajambula mawu kambirimbiri, kusanjikiza ena pamwamba pa ena, mpaka atatopa yekha. Mu 1968 zinali zina. Nyimbo inkajambulidwa pa tepi, ndipo tepiyo inkagawidwa m'mizere. Mzere uliwonse umasunga chinthu chimodzi: uwu ng'oma, uwu besi, uwu gitala, uwu mawu. Makina apamwamba omwe masitudiyo akuluakulu anali nawo anali a mizere 8. Ikatha, yatha. Mukafuna kuwonjezera china, mumayenera kuphatikiza mizere itatu kapena inayi kukhala umodzi kuti mupeze malo, ndipo zikaphatikizidwa sizilekanitsikanso, ngati ufa ndi madzi mumphika. Gitala ikakhala kuti yakwera kwambiri m'menemo, mulira nayo mpaka kalekale. Komanso nthawi iliyonse mukakopera kuchoka pa mzere wina kupita pa wina, kamvekedwe kamafooka ndipo kaphokoso ka tepi, kaja ka sssss, kamakula.

Kwa munthu ngati Boettcher, wofuna kuti mawu a munthu m'modzi awajambule kawiri katatu kenako n'kusanjikiza a anzake pamwamba, mizere 8 inali khasu lakutha. Ndiye iye ndi Olsen analumikiza makina awiri a mizere 8 kuti aziyendera limodzi ngati amodzi a mizere 16. Kunena n'kosavuta. Makina awiri, aliyense ndi mota yake, amayenera kuzungulira pa liwiro lofanana ndendende. Imodzi ikatsogola ndi kachigawo kakang'ono ka sekondi, oyimba ali uku, ng'oma zili uko. Mumaimitsa, n'kubweza matepi onse awiri pa chiyambi, n'kuyesanso. Wotchi ya situdiyo nayo ikungowerenga maola, ndipo ola lililonse ndi ndalama.

Zimanenedwa kuti chimbalechi chinadya pafupifupi madola 100,000, ndipo chinali chodula kuposa china chilichonse chomwe Columbia inali itajambulapo kufikira nthawi imeneyo. Kampani ya Bob Dylan, ya Simon & Garfunkel, ya Barbra Streisand, koma chimbale chodulitsitsa n'kukhala cha anyamata omwe munthu wamba sanawamvepo.

Kodi ndalamazo zimamveka m'nyimbo? Zimamveka. Valani mahedifoni mumvere To Claudia on Thursday, yomwe imatsatira chiyambi chija popanda kupuma. Chapansi pali kaphokoso kokhala ngati kanyama kakulira, kapena munthu akuseka atatseka pakamwa. Imeneyo ndi cuíca, ng'oma ya ku Brazil yomwe siimenyedwa, amachita kukwecha kamtengo kali mkati mwake. Claudia wotchulidwayo anali mkazi wa Boettcher. Cha kumapeto kwa chimbale kuli Karmic Dream Sequence #1, momwe mukumveka koto, chida cha zingwe cha ku Japan, kwawo kwa ubwana wake kuja. Pali 5 A.M. ya Salisbury, yofatsa ngati m'bandakucha weniweni. Pali It's You, yomwe ine ndimati ikanayenera kugunda pa wailesi iliyonse. Nyimbo zonse ndi 14, ndipo sindinama, ziwiri zitatu mwa izo zimandichititsa manyazi pang'ono ndi mawu ake a anthu oganiza kuti atulukira chinsinsi cha moyo ali ndi zaka 23. Koma kamvekedwe kake sikakalamba.

[Zithunzi za m'nyuzipepala za mu 1968.]

Chimbale chinatuluka, n'kugwa chagada. Sichinalowe pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, ndipo palibe singo yomwe inagwira dziko lonse. Zimamveka kuti 5 A.M. inakondedwa ku Philippines, koma zimenezo sizikanabweza madola 100,000.

Chinalakwika n'chiyani? Choyamba, onani chakacho. Mu January nkhondo ya ku Vietnam inafika poipa. Pa 4 April Martin Luther King anaphedwa ku Memphis. Pa 5 June Robert Kennedy anawomberedwa mu hotela ya Ambassador, mu Los Angeles momwemo. Mwezi wotsatira ndiye anyamata akubwera ndi nyimbo za zilumba, dzuwa ndi ubwenzi. Zinali ngati kufika pamaliro ndi nyimbo za chinkhoswe. Achinyamata makutu awo anali atapita kwa Jimi Hendrix, Cream, Steppenwolf. Mu August, patangotha mwezi, Columbia yomweyo inatulutsa Cheap Thrills, chimbale cha Janis Joplin ndi Big Brother and the Holding Company, chosasalala, cha mawu osasa, ndipo chinakhala pa nambala 1 kwa milungu 8. Mukanakhala bwana wa kampaniyo, mukanathira ndalama zotsatsa kuti?

Chachiwiri ndi wailesi. Mawailesi a AM ankafuna nyimbo yaifupi, yosavuta, yogwira pa kumva koyamba, ndipo kwa iwo The Millennium inali yachilendo kwambiri. Mawailesi atsopano a FM ankafuna zolemera, zamagitala aukali, ndipo kwa iwo inali yofewa kwambiri. Ngati mleme uja wa m'nthano: mbalame zikumukana kuti ali ndi mano, mbewa zikumukana kuti ali ndi mapiko.

Koma chifukwa chachitatu ndicho ine ndimachiona chachikulu, ndipo mlandu wake si wa kampani. Gululi silinayende m'mizinda kukayimba. Linalibe anthu ake. Gulu lomwe layimba m'mabala zaka zitatu, chimbale chikakanika, limakhalabe ndi anthu ogula matikiti Loweruka likubwerali, limadya, limayesanso. The Millennium inalibe pothawira potero. Ndipo zomwe anapanga ndi makina awiri aja, anthu 7 pa siteji ndi zokuzira mawu za mu 1968 sakanazibwereza. Anajambulanso nyimbo zina pokonzekera za mtsogolo, ina mwa izo Just About the Same, koma Columbia sinaitulutse, ndipo gulu linamwazikana. The Association ndi omwe anadzaiyimba nyimboyo mu 1970.

[Zithunzi za mamembala mmodzimmodzi.]

Fennelly anayambitsa Crabby Appleton, ndipo nyimbo yawo Go Back inalowa pa nyimbo 40 zapamwamba mu 1970, zomwe The Millennium sinakwanitse. Keith Olsen ndiye anapata. Ndi iye anajambula chimbale cha Fleetwood Mac cha mu 1975, chomwe chinagulidwa mamiliyoni. Boettcher, Usher ndi Olsen anayesa kampani yawoyawo, Together Records, mu 1969, koma sinakhalitse. Boettcher anatulutsa chimbale chake yekha mu 1973, sichinagulidwe. Mu 1979 anathandiza The Beach Boys kusandutsa nyimbo yawo yakale kukhala disko ya mphindi pafupifupi 11, yomwe okonda gululo ambiri anainyoza. Anamwalira ku Los Angeles mu June 1987 ali ndi zaka 43. Usher anamutsatira mu 1990.

Japan uja ndinati mumusunge. M'zaka za m'ma 1990 achinyamata a ku Tokyo, makamaka ozungulira masitolo a zimbale a ku Shibuya, anayamba kufukula nyimbo za ku America zomwe eni ake anaziiwala. Iwo ankazitcha soft rock, ndipo Begin inakhala chimodzi mwa zimbale zomwe aliyense wodzitcha wodziwa ankayenera kukhala nacho. Makampani a ku Japan ndi ku Britain anayamba kutulutsa ngakhale zoyeserera zomwe anyamatawo anajambula osaganiza kuti wina adzazimva. Mu 2001 kampani ya Sundazed ya ku America inatulutsa bokosi la ma CD atatu lotchedwa Magic Time, mokhala Begin pamodzi ndi nyimbo za The Ballroom zomwe zinakhala pa shelefu zija. Boettcher anali atagona m'manda zaka 14.

[Chithunzi: shelefu ya mabuku a ana.]

Nanga Salisbury, wa 5 A.M. uja? Chimbale chomwe anajambula payekha ku Together sichinatuluke pa nthawiyo. Anasiya nyimbo, n'kuyamba kugwiritsa ntchito dzina lake lenileni, Graham Salisbury. Mu 1994 anatulutsa buku la ana, Under the Blood-Red Sun, lonena za mnyamata wa makolo a ku Japan wokhala ku Hawaii pa nthawi yomwe doko la Pearl Harbor linaphulitsidwa. Limawerengedwa m'masukulu a ku America, ndipo ana ambiri omwe analiwerenga m'kalasi sadziwa kuti wolembayo anayimbapo.

[Nyimbo ya 5 A.M. ikulowa, masekondi asanu, kenako sikirini ikuda.]