Kampani ikakhala yokha, wogula alibe kothawira

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi, abambo ndi achinyamata nonse. Ndiyambe ndi funso. Ndani muno anagulapo bandulo ya intaneti, n'kutha asanachite chimene anaigulira? Manja ambiri ndithu, tsitsani. Nanga amene munakwiya mpaka kuisiya kampaniyo n'kupita kwina? Mwaona, manja achepa. Nkhani yanga yagona pamenepo. Odandaula tilipo ambiri, koma okhala ndi kothawira ndi ochepa, ndipo kampani imadziwa zimenezi.

Poyamba tione kumene intaneti imachokera. Foni yanu imalankhula ndi nsanja, nsanja imapatsira uthenga ku chingwe cha faiba, chingwecho chimayenda pansi pa nthaka mpaka kugombe, kumene chimakumana ndi zingwe zodutsa pansi pa nyanja. Ndiye kuti kampani imene imakugulitsani bandulo nayonso imaoda. Mpaka chaka cha 2009, mayiko a kum'mawa kwa Africa ankadalira setilaiti, yodula komanso yochedwa. Mu July chaka chimenecho chingwe cha SEACOM chinayamba kugwira ntchito, china cha TEAMS chinafika ku Mombasa, doko la ku Kenya, chaka chomwecho, mu 2010 n'kubweranso cha EASSy. Mtengo woodera unatsika kwambiri chifukwa oodetsa anachuluka. Dziko lopanda doko limalipirabe anzake kuti chingwe chidutse kwawo, ndipo ndalama imeneyo imabwezedwa ndi wogula bandulo.

Apa ndiye mutchere khutu. Chingwe cholowa m'dziko chikakhala m'manja mwa kampani imodzi, yomwenso ikugulitsa kwa anthu wamba, makampani ang'onoang'ono amaoda kwa amene akupikisana naye. Kodi mungatchipitse katundu kuposa amene wakuodetsani? Simungathe. Mutha kuwerenga mayina khumi a makampani, koma onsewo akutunga pachitsime chimodzi, ndipo mwini chitsime ndi amene akunena mtengo.

Zinaonekera poyera ku Kenya. Mu November 2000 makampani ang'onoang'ono a intaneti anagwirizana kutsegula malo osinthanirana mauthenga, otchedwa KIXP. Nthawi imeneyo uthenga wochoka kwa munthu wa ku Nairobi kupita kwa mnzake wa mumzinda womwewo koma wa kampani ina unkayamba wazungulira kunja kwa dziko, ulendo wonsewo wolipira. Telkom Kenya, imene inali ndi ufulu wonyamula yokha mauthenga opita kunja, inadandaula, ndipo pasanathe milungu iwiri malowo anatsekedwa. Anadzatsegulidwanso mu February 2002. Taonani, zipangizo zinalipo, nzeru zinalipo, chimene chinatseka njira ndi lamulo.

Kulowa pamsika umenewu kumafunanso chuma chambiri. Ethiopia, dziko la anthu oposa 100 miliyoni, linakhala ndi kampani ya Ethio Telecom yokha mpaka October 2022, pamene kampani ya Safaricom ya ku Kenya inayamba ntchito kumeneko. Chiphaso chokha anachigula madola 850 miliyoni, asanazike nsanja ngakhale imodzi.

Nanga wopikisana watsopano akabwera, zonse zatheka? Tiyeni ku India. Mu September 2016 kampani ya Jio inalowa pamsika, n'kupereka intaneti yaulere kwa miyezi ingapo. Mitengo inagwa, anthu miyandamiyanda amene sankayerekeza n'komwe anayamba kuonera mavidiyo pafoni. Zimenezo zinali zabwino, sindingatsutse. Koma makampani ofooka anapuma movutikira. Aircel inagwa mu 2018, Vodafone ndi Idea anaphatikizana chaka chomwecho, kunatsala makampani atatu akuluakulu ndi ina ya boma. Pofika December 2019 atatuwo anakweza mitengo pafupifupi nthawi imodzi. Ine phunziro limene ndimatolapo n'lakuti mtengo wotsika wa lero usatigonetse tulo. Tizifunsa kuti mawa kudzatsala angati.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka mtima kwambiri. Taganizani mayi amene amachita kabizinesi kake pa WhatsApp. Alibe ndalama yogulira bandulo ya mwezi wonse, ndiye amagula kakang'ono ka tsiku limodzi. Wajambula katundu, watumiza zithunzi zitatu, wina wamuimbira, netiweki yathawa, waima pakona pa nyumba atakweza foni m'mwamba kudikira kuti chithunzi chipite. Pakati pa usiku kabandulo kaja kafa, kotsalako kapita. Mawa agulanso. Mukawonkhetsa pamwezi, mayiyu walipira zambiri pa megabaiti iliyonse kuposa munthu wa ndalama amene amagula yaikulu kamodzi. Izi si zongoganizira ayi. Ku South Africa anthu anafuula pansi pa mawu akuti #DataMustFall mu 2016, bungwe loona za mpikisano pamalonda linafufuza, ndipo mu December 2019 linanena poyera kuti Vodacom ndi MTN akudulitsa, makamaka kwa osauka ogula timabandulo ting'onoting'ono. Mu April 2020 Vodacom inatsitsa bandulo ya 1GB ya pamwezi kuchoka pa marandi 149 kufika pa marandi 99. Makampani sanachuluke m'miyezi imeneyo. Chimene chinasintha n'chakuti woyang'anira msika anaima nji, anthu ali pambuyo pake.

Kumidzi vuto limakula. Nsanja ndi yodula, imafuna magetsi, mafuta a jenereta kapena sola, ndi mlonda. Kumene anthu ndi otalikirana, kampani yachiwiri siona phindu lozika yake. M'dziko mutha kukhala makampani anayi, koma ngati pakhomo panu imagwira imodzi, kwa inu kampani ndi imodzi basi. N'chifukwa chake mayiko ambiri amalimbikitsa kuti makampani azibwerekana nsanja, komanso amasonkhetsa makampaniwo ndalama m'thumba lapadera lofikitsira netiweki kumene phindu kulibe. Thumba limenelo ndi loyenera kulifunsa kuti lamanga chiyani, kuti, liti.

Palinso nambala. Ambiri amakakamira kampani yowazunza chifukwa nambala yawo imadziwika ndi abale, makasitomala, komanso ndalama zawo zimadzera pomwepo. Kumene lamulo limalola kusamuka ndi nambala yako, kampani imaopa kukutaya.

Ndiye ife tichitenji? Pali muyeso umene bungwe la United Nations loona za intaneti linaika, wakuti intaneti yoyambira isapitirire 2 peresenti ya ndalama imene munthu amapeza pamwezi, potengera avareji ya dziko. Dziwerengereni nokha kunyumba, muone pamene muli. Kenaka bandulo ikatha mosadziwika bwino, lembani tsiku, nthawi, imene munagula ndi uthenga umene anakutumizirani. Kadandauleni kaye kukampani, mutenge nambala ya dandaulo lanu. Akapanda kukuthandizani, pitani nalo ku bungwe lopereka ziphaso kwa makampani a mafoni. Munthu mmodzi angamunyalanyaze, koma pepala lokhala ndi mayina makumi asanu, masiku ndi malo amene netiweki imathawa, limawerengedwa. Mlembi wathu ali ndi kope apa. Amene munakweza manja poyamba paja, yambani ndinu kulembetsa, kenaka ndilandire mafunso.