Musataye chosema musanalembe dzina la mmisiri wake

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Mwamva za sabata yatha zija, kuti chitseko chakale chosema cha kutchalitchi chinathera pamoto wa phala poti chiswe chinadya kunsi kwake. Ndafunsafunsa, palibe akudziwa kuti anachisema ndani. Abale anga, musataye chosema musanalembe dzina la mmisiri wake.

Kwa Ayoruba ku Nigeria, amishonale ena ankauza otembenuka mtima kuti atenthe zosema zawo. Koma mu 1947 ansembe a Society of African Missions anatsegula malo a amisiri ku Oye-Ekiti. Mmodzi wa iwo, Bambo Kevin Carroll, ankayenda m'midzi kujambula zitseko ndi nsanamira zosema zochirikiza khonde la nyumba za mafumu, n'kumafunsa kuti wasema ndani, nanga anaphunzira kwa yani. N'chifukwa chake ntchito za mmisiri wosema Areogun wa ku Osi-Ilorin, amene anamwalira mu 1954, zikudziwika mpaka lero. M'buku lake la 1967 Bambo Carroll analemba ndi kasemedwe komwe, magawo anayi: kugoba chipika ndi kasemasema, kulekanitsa mutu, manja ndi thupi, kusalaza, kenako kutema timizere ndi mpeni. Inu anyamata osema kumsewuko, dzina la amene anakuphunzitsani mumalitchula?

Mayi kumbuyoko akuti, "Kodi si mafano amenewo?" Mwafunsa bwino mayi. Kumenekonso Akhristu ena anakana zomwezi, ndipo malo aja anatsekedwa mu 1954. Komatu George Bandele, mwana wa Areogun, ankasema Maria ndi nkhani za m'Baibulo ndi luso lomwelo la bambo ake. Wophunzira wake, Lamidi Fakeye, anali Msilamu, koma anasema zitseko za matchalitchi. Nsanamira ntchito yake n'kunyamula denga, ndipo kulemba mbiri ya chinthu si kuchipembedza ayi. Kwathu konkuno pitani ku Mua mukaone zimene Bambo Claude Boucher anayamba ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe, mu 1976. Choncho musatenthe, musagulitse, dzina lisanalembedwe.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Jambulani chosemacho ndi foni mbali zonse. Lembani mmisiri, mudzi, chaka, ndi mtengo wake, kaya ndi mlombwa. Chiikeni pa njerwa, chisagunde dothi, poti chiswe chimayambira pansi. Osachitsuka ndi madzi n'kuchiyanika padzuwa, chimang'aluka. Osapaka penti, imakwirira timizere tija. Wogula akabwera, mutumizeni kaye kwa amfumu.