Mapepala a banja la Düben: nyimbo za kunyumba yachifumu ya Sweden

[Pa sikirini: tchalitchi cha Ajeremani, Tyska kyrkan, Stockholm]

Kuyambira mu 1640 mpaka 1726, gulu la oimba la mfumu ya Sweden, Hovkapellet, linkatsogoleredwa ndi banja limodzi. Woyamba anali Andreas Düben wa ku Leipzig, amene anaphunzira limba kwa katswiri wina, Sweelinck, ku Amsterdam. Koma amene tiyenera kumuthokoza kwambiri ndi mwana wake Gustaf, yemwe anatenga udindowu mu 1663. Iyeyu anapeka nyimbo zochepa chabe. Luso lake lenileni linali kusonkhanitsa za ena.

[Pa sikirini: tsamba lolembedwa pamanja]

Taonani tsambali, limodzi mwa mapepala amene Gustaf anasonkhanitsa. Mulibe mizere isanu ya manoti imene munazolowera. Iyi ndi tablature ya Chijeremani: noti iliyonse ndi chilembo, kutalika kwake kumalembedwa pamwamba, ndipo kamzere pamwamba pa chilembo kamakweza notiyo ndi octave imodzi, kutanthauza mtunda wa manoti asanu ndi atatu. Kalembedwe aka kankasunga pepala, koma woimba vayolini sankawerenga zimenezi. Choncho alembi ankakopera nyimboyo gawo ndi gawo, woimba aliyense pepala lake: oimba pakamwa, mavayolini, kenako basi yokhala ndi manambala osonyeza makodi kwa woimba limba.

Zolakwika zimabadwira pokoperapo. Mlembi akaphonya kamzere kaja, mawu amatsika octave yathunthu. Komanso kwa Ajeremani, H ndi imene ambiri timaitcha B, pamene B yawo ndi B flat. Wosadziwa zimenezi amasokoneza nyimbo yonse. N'chifukwa chake okonza nyimbozi lero amayerekeza mapepala a oimba ndi tablature, ngati zonse ziwiri zilipo.

Mu 1732 Anders von Düben, mwana wa Gustaf, anapereka mulu wonse wa mapepalawa ku yunivesite ya Uppsala, nyimbo pafupifupi 2,300 zolembedwa pamanja. Nyimbo zambiri zapakamwa za wopeka nyimbo Dieterich Buxtehude zinapulumukira momwemu, kuphatikizapo Membra Jesu nostri ya mu 1680, imene anailembera Gustaf Düben yemweyo.

Mwaona kuti ambiri mwa mainawa ndi a Chijeremani. Zinthu zinasintha ndi Johan Helmich Roman, mbadwa ya Stockholm, amene anakaphunzira ku London n'kudzatenga utsogoleri mu 1727. Anapeka nyimbo za m'tchalitchi m'Chiswidishi, ndipo mu 1744 analemba Drottningholmsmusiken, zigawo 24, za paukwati wachifumu wa Adolf Fredrik ndi Lovisa Ulrika. Mvetserani malipenga m'chigawo choyamba.

[Nyimbo iyambe]