Ng'oma imene inkaitana madzi oundana

[Chithunzi: mapu a dziko lapansi, kumpoto konse kuli mbee]

Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo, pamene pali mzinda wa Chicago ku America lero panalibe dothi looneka. Panali ayezi yekhayekha. Dziko la Canada linali litakwiririka pafupifupi lonse, ndipo m'malo ena ayeziyo anali wokhuthala makilomita atatu. Madzi ochuluka anaundana pamtunda moti nyanja zamchere zinatsika ndi mamita pafupifupi 120, munthu n'kumatha kuyenda wapansi kuchoka ku Siberia kukafika ku Alaska.

Kenaka ayezi uja anasungunuka. Sikanali koyamba. Wakhala akubwera n'kumapita, kubwera n'kumapita, ngati pali wina amene akumuimbira ng'oma. Nanga ng'omayo ndi iti?

[Chithunzi: Milutin Milanković]

Munthu amene anaimva bwino anali katswiri wa masamu wa ku Serbia, Milutin Milanković. Nkhondo itabuka mu 1914 anagwidwa ndi boma la Austria-Hungary, koma anamulola kumagwira ntchito m'laibulale ku Budapest. Kompyuta kunalibe. Anawerengera ndi cholembera, kwa zaka zambiri, kuchuluka kwa dzuwa limene linkafika m'madera osiyanasiyana kalekale.

Paja dziko lathu siliyenda mofanana nthawi zonse. Ndi lopendekeka, panopa madigiri 23.4, koma kupendekekako kumawonjezeka n'kumachepa, pakati pa madigiri 22.1 ndi 24.5, zaka 41,000 zilizonse. Limagwedezekanso mutu. Amene munasewerapo nguli mukudziwa mmene imachitira ikayamba kutopa. Dziko nalo limatero, ndipo zimenezi zimasuntha nyengo pa zaka 23,000 zilizonse. Njira yake yozungulira dzuwa nayo imasintha pang'onopang'ono, nthawi zina yobulungira bwino, nthawi zina yotalikirako ngati dzira, pa zaka pafupifupi 100,000.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ambirife timaganiza mobwerera m'mbuyo. Ayezi sakula chifukwa choti nyengo yozizira yazizira kwambiri ayi. Kumpoto kwenikweni kuja, chipale chofewa chimagwa chaka chilichonse. Nkhani yagona pa nyengo yotentha, imene mphamvu ya dzuwa lake imasintha potsata kayendedwe ka dziko kaja. Ikakhala yofooka, chipale cha chaka chatha sichitha kusungunuka, china n'kugwera pamwamba pake, chinanso pamwamba. Zikatero kwa zaka masauzande, phiri la ayezi labadwa.

Milanković anamwalira mu 1958 asayansi ambiri akumukayikirabe. Umboni unali m'matope.

[Chithunzi: chipaipi chodzaza matope chikukwezedwa m'sitima]

M'nyanja zamchere muli tizamoyo ting'onoting'ono totchedwa foraminifera. Tizamoyoti tikafa, zigoba zake zimamira n'kumaunjikana pansi, zakale pansi, zatsopano pamwamba. M'zigobamo muli okosijeni wa mitundu iwiri, wopepuka ndi wolemera. Madzi okhala ndi okosijeni wopepuka ndi amene amakwera kumwamba mosavuta, ndiye ayezi akamakula pamtunda amasunga opepukawo, m'nyanja n'kutsala olemera ambiri. Choncho mukayeza chigoba, chimakuuzani kuti panthawi yake ayezi anali wochuluka bwanji. Ine zimenezi zimandigometsa: kachigoba kochepa ngati mchenga, koma kakusunga mbiri ya dziko lonse.

Mu 1976 James Hays, John Imbrie ndi Nicholas Shackleton anayeza matope ochokera kum'mwera kwa nyanja ya Indian, a zaka pafupifupi 450,000. Anapezamo kugunda kutatu: zaka pafupifupi 100,000, zaka 41,000, ndi zaka 23,000. Ng'oma ija inamveka ndithu.

Kwathu kuno ayeziyo sanafike, koma ng'oma yomweyo inkasewera ndi mvula yathu. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope akale. Anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, nyanja inatsika ndi mamita oposa 500. Nyanja yozama mamita pafupifupi 700 inatsala kadziwe chabe poyerekeza ndi lero.

Komabe kusintha kwa dzuwa kumeneku n'kochepa. Pakokha sikukanaziziritsa dziko lonse chonchija. Ng'oma imangoyambitsa gule, ovina ndi ena.

Wovina woyamba ndi ayezi yemweyo. Chinthu choyera chimabweza kuwala kwa dzuwa, ndiye ayezi akamakula kumazizirirabe, kukazizira iye amakulirakulira.

[Chithunzi: ndodo ya ayezi, mkati muli timathovu]

Wachiwiri anapezeka ku Antarctica. Chipale chikamapanikizika n'kusanduka ayezi chimatsekera timathovu ta mpweya wa nthawi imeneyo. Si zongoyerekeza izi, ndi mpweya weniweni wakale. Ayezi amene anakumbidwa kumeneko pamalo otchedwa Vostok anafika zaka 420,000, wa pamalo otchedwa Dome C zaka 800,000. M'nyengo za ayezi, carbon dioxide, mpweya umene umasunga kutentha padziko, ankatsika kufika magawo pafupifupi 180 pa miliyoni, ambiri atabisala m'nyanja zakuya. Kukamatentha ankakwera kufika cha m'ma 280, n'kumawonjezera kutenthako. Mpweya umayenda ponseponse, n'chifukwa chake zimene zinayambira kumpoto zinkafika dziko lonse. M'zaka 800,000 zonsezo sanadutse 300 kwenikweni. Lero wadutsa 420, chifukwa cha malasha ndi mafuta amene anthu tikuwotcha, ndipo zachitika m'zaka zosakwana 200.

Pali chinthu china chimene chikuwasowetsa tulo asayansi. Kale ayezi ankabwera zaka 41,000 zilizonse. Koma cha m'ma zaka miliyoni imodzi zapitazo gule anasintha, n'kuyamba kutsata zaka 100,000, pomwe kayendedwe ka dziko sikanasinthe. N'chifukwa chake gulu la asayansi a ku Ulaya linapita ku Antarctica kukaboola pamalo otchedwa Little Dome C. Mu Januwale 2025 analengeza kuti afika mamita 2,800, pa mwala wapansi, ndipo atulutsa ayezi wa zaka zosachepera 1.2 miliyoni. Timathovu take tili ndi mpweya wa nthawi imene gule uja ankasintha.