Makalata Anu: Mzere wa Ukapolo ku America

Moni nonse okondedwa omvera. Sabata ino thumba la makalata lachita kutupa, ndipo ambiri mwalemba za nkhani ya ukapolo ku America imene tinayamba sabata yatha.

Mayi a ku Balaka mwafunsa ngati Missouri ndi mtsinje kapena dera. Ndi zonse ziwiri, mayi. Achimwene a ku Chipata, mwalondola, dera lalikulu la Louisiana analigula kwa France mu 1803 pa madola 15 miliyoni.

Koma kalata imene yandisowetsa tulo ndi ya agogo ena a ku Ntcheu, yonena za Henry Clay, wandale wa ku America amene ankayanjanitsa madera okhala ndi akapolo ndi madera opanda akapolo. Alemba kuti: "Bwanji munamudzudzula Henry Clay? Ujatu anachita ngati mfumu yoweruza mlandu wa malire a munda, aliyense napita kwawo mtima uli m'malo."

Agogo, ndimakulemekezani, koma apa tisiyana. Mu 1820 aphungu a ku America, Clay ali patsogolo, anapangana kuti Missouri ikhale ndi akapolo, Maine ikhale yopanda, kuti mavoti a mbali ziwirizi ku Senate, imodzi mwa nyumba zawo za malamulo, afanane. Kenako anadula mzere pa mapu, pa 36°30′, n'kuletsa ukapolo kumpoto kwake m'dera lotsala la Louisiana. Tsono agogo, pabwalo la mfumu mwini nkhani amapatsidwa mpata wolankhula. Uko anthu amene ankagawidwawo, amayi ogulitsidwa kusiya ana pabere, palibe anawafunsa. Clay yemweyo anali ndi akapolo kwawo ku Kentucky. Fisi angaweruze mlandu wa mbuzi?

Ndipo mtenderewo sunakhalitse. Mu 1850 anakhalanso pansi: California inalowa yopanda ukapolo, Texas inalandira madola 10 miliyoni posiya malo amene inkalimbirana ndi New Mexico, koma anaikanso lamulo lokakamiza anthu a kumpoto kuthandiza kugwira akapolo othawa. Mu 1854 Anthony Burns, kapolo amene anathawira ku Boston, asilikali anamudutsitsa m'misewu anthu akuona, mpaka pa sitima yomubweza ku Virginia. Ndikaganiza za ulendo umenewo, mtima umandiwawa kwambiri. Chaka chomwecho lamulo la Kansas ndi Nebraska linafafaniza mzere uja, ku Kansas anthu n'kuyamba kuphana. Mu 1857 khoti lalikulu, pa mlandu wa Dred Scott, kapolo amene ankafuna ufulu wake, linanena kuti munthu wakuda sangakhale nzika. Mu 1861 nkhondo yapachiweniweni inabuka pakati pa kumpoto ndi kumwera.

Anthu atatu mwadandaula kuti izi n'zakutali, sizikutikhudza. Abale anga, musamatero. Nkhondoyo ili mkati, David Livingstone anafika ku Nkhotakota n'kuona malonda a akapolo a Jumbe, anthu akuwolotsedwa nyanja pa zombo ulendo wa ku Kilwa, ku gombe la Tanzania. Amenewo ndi makolo athu. Tiziwafunsa akuluakulu zimene anamva kwa agogo awo akadali moyo, ana athu adziwe.

Pomaliza, mnyamata wa ku Mangochi, moni wa kwa bwenzi lanu uja tumizani ku pulogalamu ya mafuno abwino. Koma mwalemba mokoma ndithu, akamva sakana.