Kodi Papa ali ndi mphamvu zotani pa ndale za dziko lapansi? Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa m'mudzi ku Mulanje

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata muli kumbuyoko senderani kuno, mawu anga safika patali masiku ano.

Lamulungu lapitali tikutuluka m'tchalitchi, mwana wina wa Folomu 3 anandiimitsa. Akuti, "Aphunzitsi, nkhondo ikabuka timamva pa wailesi kuti Papa wadzudzula. Alipo amene amamumvera?" Ndinamuuza kuti funso lotere siliyankhidwa choimirira, ndiye lero ndabwera nalo pano.

Dziko la Vatican, kumene Papa amakhala, ndi mahekitala 44 basi. Esiteti imodzi ya tiyi mwa amene atizungulirawa ikhoza kulimeza kangapo. Linakhala dziko loima palokha mu 1929, litagwirizana ndi boma la Italy. Asilikali opita kunkhondo kulibe, kuli alonda a pachipata okha. Koma kadziko komweko kali pa ubale wa ukazembe ndi mayiko oposa 180, ndipo kuyambira 1964 kali ndi mpando ku United Nations, wolankhula koma wosaponya voti. Kumbuyo kwake kuli Akatolika pafupifupi 1.4 biliyoni.

Ndiye mphamvu zake n'zotani? Ine ndimaziona ngati za ankhoswe. Banja likayaka moto, nkhoswe sabwera ndi unyolo. Amakhazika pansi mwamuna ndi mkazi, ndipo amamveka chifukwa onse awiri amamudziwa, amamuchitira manyazi. Wina akaumitsa khosi, nkhoswe amabwerera chimanjamanja.

Mu Disembala 1978, Argentina ndi Chile anatsala pang'ono kuwomberana chifukwa cha tizilumba ta kumwera kwenikweni kwa America, pa Beagle Channel. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anali atangokhala pampando miyezi iwiri. Anatuma Kadinala Antonio Samorè, ndipo mfuti sizinalire. Kukambirana kunatenga zaka, mpaka mu 1984 anasainirana pangano ku Vatican komweko. Chinathandiza n'chakuti mayiko onse awiri ndi odzaza Akatolika. Mtsogoleri wokana nkhoswe ameneyo akanawauza chiyani anthu ake? Papa yemweyo mu Juni 1979 anapita kwawo ku Poland, dziko limene linali m'manja mwa chipani cha chikomyunizimu. Anthu miyandamiyanda anasonkhana, anayang'anana, nazindikira kuti ndi ochuluka. Chaka chotsatira apantchito anayambitsa bungwe la Solidarity motsogozedwa ndi Lech Wałęsa, ndipo pofika 1989 boma lija linagwa.

Koma tisapite kutali, zathu zomwe zilipo. Mu Meyi 1989 Papa ameneyu anaponda dothi la Malawi. Ena mwa inu agogo munakwera malole usiku kupita ku Blantyre kukamuona. Patapita zaka zosakwana zitatu, pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi athu, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona. Tsiku limenelo ndinali pa benchi lachitatu. Wowerenga atafika ponena za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za malipiro osakwana kugula chakudya, za kuopa kulankhula, tchalitchi chonse chinangoti zii. Bambo amene ndinakhala naye pafupi, wothyola tiyi, anagwira chipewa chake ndi manja onse awiri osakweza mutu. Tinkaopa ngakhale kutsokomola. Potuluka palibe anayankhulitsa mnzake, koma madzulo ake nkhani inali m'nyumba iliyonse.

Boma la Kamuzu linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu. Maepiskopi anaitanidwa kupolisi, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Koma madzi akatayika sawoleka. Chakufwa Chihana anabwera n'kumangidwa, apantchito ku Blantyre ananyanyala, mayiko otithandiza anaimitsa thandizo, a CCAP, Asilamu ndi ena analowapo. Pa 14 Juni 1993 tinaponya voti ya referendamu, ndipo anthu oposa 60 pa 100 aliwonse anasankha zipani zambiri.

Apa mumvetsetse bwino. Kalata ija sanalembe ndi Papa. Analemba ndi maepiskopi a konkuno, anawerenga ndi ansembe ndi akatekisiti a konkuno, ndipo amene anaibisa m'madenga ndi m'matumba a ufa ndi anthu wamba. Ine ndimakhulupirira kuti chimene Roma anapereka ndi msana: boma linkadziwa kuti likakhudza episkopi, dziko lonse lapansi limva mawa lake. Mutu umodzi susenza denga.

Ife a ku Mulanje tili ndi umboni winanso. Mukukumbukira abale athu a ku Mozambique akulowa pa Muloza, mitolo pamutu, ana kumsana, kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. M'Malawi muno anakwana pafupifupi miliyoni imodzi. Nkhondo imeneyo inatha pa 4 Okutobala 1992 mumzinda wa Rome, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainira mtendere. Ankhoswe ake anali gulu la Akatolika wamba la Sant'Egidio, pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira ndi nthumwi ya boma la Italy. Anakhala nawo pansi zaka ziwiri zathunthu osatopa.

Tsopano ndikanene zolephera, chifukwa ndikabisa ndikhala ndikukunamizani. Mu 2003 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatuma kadinala wina kwa George W. Bush, wina kwa Saddam Hussein, kupempha kuti nkhondo ya ku Iraq isachitike. Mu Malichi momwemo mabomba anagwa. Mu Epulo 2019 Papa Fransisko, nkhalamba ya zaka 82, anagwada pansi n'kupsompsona mapazi a Salva Kiir ndi Riek Machar, atsogoleri olimbana a ku South Sudan, kuwapempha kuti asunge mtendere. Chithunzi chimenecho chimandigwetsa misozi mpaka lero, koma anthu a kumeneko sanapumebe bwinobwino. Mu 2023 Papa Fransisko anatuma ku Kyiv ndi ku Moscow Kadinala Matteo Zuppi, yemwe uja anali mmodzi mwa ankhoswe a Mozambique ali wansembe wachinyamata. Munthu yemweyo, luso lomwelo, koma nkhondo ya ku Ukraine sinaime. Ndipo nkhani za ansembe ena ozunza ana, zimene akuluakulu ena a mpingo anabisa kwa zaka zambiri, zachepetsa kulemera kwa mawu a Roma m'makutu a anthu ambiri. Zimenezo zimatipweteka, koma ndi zoona.

Mu 2015 Papa Fransisko analemba kalata yaitali yokhudza chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, kunena kuti osauka ndi amene amayamba kulira pa zimene anawononga ndi olemera. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phirimu, ndipo pabwalo lino alipo amene sanaike m'manda abale awo chifukwa sanapezeke. Fransisko anamwalira pa 21 Epulo 2025, ndipo pa 8 Meyi anasankhidwa Papa Leo XIV, Robert Prevost, wobadwira ku Chicago amene anatumikira zaka zambiri ku Peru. Nkhani ya nyengoyi yamupeza ili pa tebulo.

Ndaona dzanja la amayi awo kumanzereko lakhala m'mwamba nthawi yaitali. Imirirani amayi, funsani mokweza kuti akumbuyo amve.