Utsi wa dizilo ndi khansa ya m'mapapo: zimene makoswe anaonetsa

Oonera athu, tili pa depoti ya mabasi ku Lilongwe, pamene minibasi zimaima injini zikulira poyembekezera kudzaza. Mayi ogulitsa nthochi amene ali kumbuyo kwangawa amakhala pafupi ndi ekizozi tsiku lonse, ndipo akapukuta nkhope madzulo, kansalu kamada ndi mwaye. Kodi mwaye umenewu ukalowa m'mapapo umakachita chiyani?

Munthu sungamutsekere m'chipinda cha utsi kuti uone ngati adwale, n'chifukwa chake akatswiri anayesa pa nyama. M'zaka za m'ma 1980, ofufuza a ku Germany, Japan ndi America anasunga makoswe m'mabokosi olowa utsi wa dizilo kwa maola angapo patsiku, kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, zomwe ndi pafupifupi moyo wonse wa khoswe. Makoswe amene anapuma utsi wochuluka anamera zotupa m'mapapo. Chimene ine ndimachiona kuti ndi chachikulu ndi ichi: utsi womwewo utasefedwa n'kuchotsamo tizidutswa ta mwaye, zotupazo sizinachuluke.

Tinene chilungamo, utsi umene makoswewo ankapuma unali wochuluka kuposa wa mumsewu, ndipo timakoswe tina totchedwa hamster sitinadwale chimodzimodzi. Panafunika umboni wa anthu, ndipo unapezeka mwa ogwira ntchito m'migodi ku America. Mu June 2012, bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo mwa anthu.

Mu 2023, akatswiri a ku Francis Crick Institute ku London anaonetsa njira imodzi imene mpweya woipitsidwa ungayambitsire khansayi. Anagwiritsa ntchito mbewa zimene maselo ake a m'mapapo anali ndi chilema kale, koma chongogona. Atazilowetsa m'mapapo tizidutswa ta mumpweya woipitsidwa totchedwa PM2.5, tomwe ndi tating'ono kuwirikiza pafupifupi 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, asilikali a m'thupi anathamangira kumapapo n'kuyambitsa kutupa, ndipo kutupako kunadzutsa maselo ogonawo kuti ayambe kuswana. Ofufuzawo atatsekereza kutupako ndi mankhwala, zotupa zinachepa. Zimenezi zikuthandiza kumvetsa chifukwa chake munthu amene sanasutepo fodya angathe kudwala khansayi.

Pali nkhani yolimbitsa mtima. Kafukufuku amene bungwe la Health Effects Institute linatulutsa mu 2015 anapeza kuti makoswe opuma utsi wa injini zatsopano zokhala ndi sefa ya mwaye sanadwale khansa ya m'mapapo. Koma minibasi zambiri zaima panozi, ndi malole opita ku Kanengo mumsewu wa M1, ndi zakale, ndipo utsi wakuda umene mukuuona ndi masowu ukusonyeza kuti mwaye ukutuluka wosasefedwa, molunjika pamphuno pa mwana woyenda pansi.